Dzina Lotuluka Kambiri M'fayilo

Mayi Zipi anakankha chitseko cha ofesi osagogoda n'komwe, kalata yowachotsa ntchito ili m'manja. Anali atasoka pa fakitale ya mayunifolomuyo zaka khumi ndi zinayi. Pa kompyuta panali mng'ono wawo, kalaliki wa miyezi iwiri yokha, amene anali atangoyamba kuphunzira kulemba mapulogalamu.

"Iwe! Akuti kompyuta yakoyi ndi imene yandithotha. Tandiuza bwino."

"Achemwali, takhalani pansi kaye."

"Ndikhale pansi ngati ndabwera kudzacheza?"

Mtsikanayo anafotokoza. Abwana anamupatsa fayilo ya zovala zonse zimene makasitomala anabweza chaka chino, kuti apeze telala amene dzina lake likupezekamo kambiri. Iye analemba kapulogalamu kowerenga mzere ndi mzere, kakakumana ndi dzina n'kuwonjezera chimodzi. Dzina la achemwali ake linatuluka ka 412. Wotsatira, ka 37 basi.

"Ine ndinangopereka manambala," anatero.

"Nanga fayiloyo unaiwerenga ndi maso akowa?"

Mtsikanayo anapukusa mutu.

"Tsegula!"

Mzere woyamba unati: malaya, kolala yopotoka, dzina la amene anasoka, ndipo kumapeto dzina la Mayi Zipi. Wachiwiri chimodzimodzi, mpaka pansi. Pa fakitalepo, chovala chikabwezedwa, wochikonza ankalembedwa kumapeto kwa mzere. Ndipo wokonza zolakwa za aliyense anali munthu mmodzi yemweyo. Kapulogalamu kaja sikanafunse kuti woononga ndani, wokonza ndani. Kanangowunjika zonse pamutu pawo.

Mayi Zipi anapsa mtima.

"Zaka zonsezi ndikusosola ulusi wa anthu osoka ngati akuthamangitsidwa ndi galu, lero woononga ndine? Chifundo chinaphetsa msemamitondo ndithu! Ndipo wondikumbira dzenje ndi mwana amene ndinamubereka kumbuyo kuno!"

"Ndikakanena kuti ndinalakwitsa, achotsa ineyo," anatero mtsikanayo misozi ili mbwembwembwe. "Sanandilembe ntchito yokhazikika."

"Ndikudziwa. Nanga ana anga adya manambala akowo?"

Mtsikanayo anasindikiza masamba atatu a fayiloyo, n'kulemba mzere wofiira pansi pa mayina akumapeto. Anatuluka, nalunjika ku chitseko cha abwana. Atafika anacheuka kamodzi.

Mtima unawapweteka Mayi Zipi, koma sanamuitane kuti abwerere.