Thabwa la Mbawa la a Kalinde

Kudenga kwa nyumba ya a Kalinde ku Kadewere kunali matabwa asanu ndi limodzi a mbawa. Anawacheka okha akadali kalipentala, maso asanachite khungu, ndipo aliyense pakhomopo ankadziwa kuti ndi a bokosi lawo la maliro. Chaka chilichonse mvula ikatha ankawatsitsa kuti amve ngati chiswe chalowa.

Mwana wawo Francisko anatengapo limodzi osapempha. Gitala yamagetsi ya kwaya yawo inali itasweka thupi, koma khosi ndi mawaya zinali zabwinobwino, ndipo iye anali atalonjeza anzake kuti akonza thupi latsopano. Pamalo pa mbawayo anaikapo thabwa la bulugamu, atalipaka dothi lakatondo kuti lifiire.

Ntchitoyo ankagwirira kuseri kwa khola la mbuzi. Popeza thabwalo linali lopyapyala, analidula pawiri, namata ndi guluu, nalimanga zolimba ndi malegeni kwa masiku atatu. Anajambula thupi lakale lija pa katoni, nalondola mzerewo ndi sowo yaing'ono. M'mbali anasalaza ndi tupa. Ndi tchizulo anakumba dzenje lolowetsa khosi ndi ena awiri a tizitsulo togwira mawu. Atapaka vanishi, mbawayo inawala kotero kuti iye mwini ankalephera kuiyang'ana nthawi yaitali.

Loweruka lina m'mawa a Kalinde anakhala pakhonde nati, “Iwe Francisko, tanditsitsira nyumba yanga ija ndiione.”

Francisko anayala matabwawo pa mkeka. Bambo ake ankagwira limodzilimodzi, kuligogoda ndi chala, kenako kulinunkhiza. Thabwa lachinayi analigogoda kawiri. Analikanda ndi chikhadabo, dothi n'kuyoyokera pa thalauza lawo.

“Chiswe cha chaka chino n'chanzeru,” anatero. “Chadya mbawa n'kundibwezera bulugamu.”

Francisko anayang'ana pansi. Ankafuna kunena kuti mwina ndi anthu akuba, koma anangoulula.

“Ndine, Ababa.”

“Ndikudziwa. Makutu anga sanachite khungu. Milungu itatu ndakhala ndikumva tchizulo kuseri kwa khola, ine n'kumati mwina mbuzi zayamba ukalipentala. Wapanga chiyani?”

“Gitala ya kukwaya.”

“Katenge.”

Anabwera nayo itakulungidwa m'chitenje cha mkazi wake, naipereka atagwada. A Kalinde anaiika pamiyendo. Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono m'mbali monse, zinapeza mzere wa guluu, zinaulondola mpaka kumapeto.

“Wamata bwino. Ngakhale tsitsi silingalowe apa.” Kenako zalazo zinafika pamene khosi limakumana ndi thupi, n'kuima. “Koma apa tchizulo inathamanga. Wakumba mopitirira, watsekapo ndi kapepala. Unkathamangira kuti?”

“Ndinkaopa kuti mundipeza.”

“Eya. Dzanja la munthu wamantha limaoneka pa thabwa.”

Kwa Francisko zikanakhala bwino akanamukalipira.

“Ababa, ndipita ku Limbe, ndikafunafuna mbawa ina.”

“Mtengo uwu tinagwetsa ndi malemu mayi ako, iwe uli kumsana. Ku Limbe ukaupeza?” Anamubwezera gitalayo. “Ukanandipempha, mwina ndikanakana. Mwinanso ayi. Tsopano tonse awiri sitidzadziwa.”

“Ndichotsemo bulugamuyu?”

“Ayi, bwezera kudenga pamodzi ndi anzake. Koma uyambe walitsuka dothilo, lioneke mmene lilili. Tsiku langa likadzafika, bokosi udzakhoma ndiwe, pabwalo pano, anthu akuona. Mbali imodzi idzakhala yoyera. Akadzafunsa, udzayankha wekha.”

“Ndamva, Ababa.”

“Ndipo kapepalako uchotsemo. Useme kachidutswa ka mbawa yomweyo, kalowe mothina. Zotsala sunataye?”

“Zilipo.”

“Ubwere nazo kuno pakhonde. Zogwirira ntchito kuseri kwa khola zatha.”

Francisko anatunga madzi m'chidebe, nagwada pa mkeka, nayamba kutsuka thabwalo ndi chisanza. Madzi ofiira ankatsikira m'fumbi. Mayi wina wa kukwaya podutsa pamsewu anafunsa ngati gitala ikhala itatha pofika mawa. Francisko sanadzutse mutu. A Kalinde ndi amene anayankha kuti idikire Lamulungu linalo.