Matambula pa Sadaka ya Seneta

Seneta Mardare anamwalira Lachiwiri m'mawa, koma pofika masana anthu a ku Cerbeni anali atapereka kale mpando wake kwa a Zamfir Cozma, meya wa mudziwo. Mtembo usanazizire n'komwe, abale inu! Anthu akwathu pa nkhani zotere sachedwa.

Mmene zinayambira ndi zoseketsa. Pa chisankho chapitacho chipani chinkafuna maina odzazira mndandanda wa ofuna useneta m'chigawo chathu. Aliyense amadziwa kuti chipanicho chimapata mpando umodzi basi kuno, ndiye maina apansiwo amangokhala okometsera. A Zamfir anasaina ngati wachitatu atatsamira galimoto, mtima uli kumsika kumene ankathamangira kukagula thole. Iwo anaiwalako, koma lamulo silinaiwale. Seneta akamwalira sitivotanso, mpando umangogwera wotsatira. Wachiwiri uja anali atalumphira kuchipani china, ndiye anamudumpha. Kunatsala a Zamfir.

Tsono lamulo lomwelo limati munthu sangakhale meya ndi seneta nthawi imodzi. Akapita kulikulu ku Bukaresti, mudzi uyenera kuvotera meya wina. Ndipo wodikirira analipo: a Trifan Buzatu, eni fakitale yocheka matabwa, a chipani chotsutsa. Kwa zaka zambiri a Trifan akhala akumezera malovu dambo limene ng'ombe za mudzi wonse zimadyako. Ankafuna alibwereke, alitchinge ndi waya, aunjikepo zipika zawo. Amene ankaima pakati pa a Trifan ndi dambolo anali a Zamfir okha.

A Zamfir useneta sankaufuna. Ndinene mosabisa: ankauopa ngati moto. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wozolowera kukama ng'ombe yake Dumana asanapite ku ofesi, akatani m'nyumba ya pamwamba yopanda khola? Ndipo akachoka, ng'ombe za anthu zikadya kuti? Koma kukana kunali kovuta. Mayi Veturia Olaru, mkulu wa chipani m'chigawo, anali atalengeza kale pa wailesi kuti chipani chikunyadira mwana wake wa ku Cerbeni. Kuwatsutsa mayi amenewo pagulu ndiye kuti mudzi wako uiwale za msewu, za denga la sukulu, za chilichonse.

Ku sitolo ya pamphambano, kumene amuna amamwa kachasu wa mapulamu ataimirira, nkhani inali yomweyo tsiku ndi tsiku. Wotsogolera anali a Sofron, amene anapuma pa ntchito yogawa makalata ndipo ankadziwa mmene khomo lililonse limavotera.

“Ndikuuzeni ine,” ankatero a Sofron. “Kumtunda kwa mlatho onse ndi a Trifan, poti ana awo amadya za ku matabwa. Kumunsi kuno ndi a Zamfir. Koma mumvetse, ndi a Zamfir, osati chipani. Muwachotse, muikepo wachiwiri kwa meya uja wolankhula ngati wavwira mbatata yotentha, muona. Trifan adutsa osatuluka thukuta.”

“Nanga akakana useneta?” anafunsa wina.

“Iwe, unamvapo kuti munthu wakana galimoto ya boma? Akakana, mpando ugwera wachinayi, mkamwini wa mayi Veturia. Ndiye mayiwo angalole kuti anthu aziti anakankha nkhalamba kuti akweze mkamwini? Sangayerekeze.”

A Zamfir analowa kudzagula mchere wa ng'ombe nkhani ili pamenepo. Onse anavula zipewa mwamasewera.

“Takulandirani, a Seneta! Musatiiwale mukakafika, ife a nsapato zamatope.”

“Tamwani zanuzo,” anayankha a Zamfir akumwetulira mokakamiza.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinali kunyumba. Akazi awo, a Leontina, anatulutsa suti ya ukwati wa mwana wawo, anaiyanika padzuwa, nayamba kumasula m'chiuno mwa thalauza.

“Ima bwino, mwamuna iwe. Ukufuna akakuseke ku Bukaresti kuti seneta wa ku Cerbeni mabatani akulira?”

“Nanga iwe ukuona bwanji za ulendowu?” anafunsa a Zamfir mosamala.

“Ndione bwanji? Mwayi sudzera kawiri pakhomo. Akuti kumeneko madzi otentha amatuluka okha pakhoma. Tembenuka.”

A Zamfir anatembenuka. Mayi ameneyu anatunga madzi pachitsime moyo wake wonse, zala zinachita kupindika ndi nyamakazi, ndiye lero amuuze kuti madzi otenthawo iye sakuwafuna?

Uku a Trifan sanagone. Tsiku lovota lisanatchulidwe n'komwe, malole awo anayamba kuthira miyala m'maenje a msewu wa kutchalitchi. Amayi okalamba analandira zidebe zofiira zolembedwa dzina lawo. Munthu amene kale sankayankha moni tsopano ankaimitsa galimoto kufunsa za mawondo a anthu.

Sadaka ya malemu inachitikira m'tauni, mu holo yaikulu ya pafupi ndi tchalitchi. Akuluakulu onse a chigawo anabwera, a zipani zonse, chifukwa pa maliro palibe wotsutsa. A Zamfir anapita okha, atavala suti yomasulidwa ija. A Leontina anati mutu ukuwawa.

Wansembe anadalitsa koliva, tirigu wophika wa uchi ndi mtedza uja timadya pokumbukira akufa. Operekera chakudya anabweretsa nyama yokulunga m'masamba a kabichi, anathira kachasu m'timatambula. Tsono mwana aliyense wa kwathu amadziwa mwambo wa pa sadaka. Umadontheza pang'ono pansi kuti wakufa alaweko, umati “Mulungu amukhululukire,” kenako umamwa mwakachetechete. Matambula sawombanitsa. Kuwombanitsa n'kwa pa ukwati ndi pa ubatizo, pamene anthu akusangalala.

A Trifan anakhala moyang'anana ndi a Zamfir. Tambula yoyamba anamwa bwinobwino. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachitatu nkhope inali itawala, maso akuona kale dambo litatchingidwa ndi waya. Anaimirira, anatambasula dzanja kudutsa mbale ya koliva, nagunditsa tambula yawo pa ya a Zamfir. Ngwee!

“Moyo wautali kwa seneta watsopano!” anakuwa. “Pitani bwino, achimwene. Za kumudzi musadandaule, ziwiri mwa zitatu za mavoti ndasunga kale m'thumba muno!”

Mkazi wamasiye anaika foloko pansi. Wansembe anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Gogo wina kumapeto kwa tebulo analavula malovu pambali katatu. A Trifan anaima choncho dzanja lili m'malere, kenako anazindikira, nakhala pansi pang'onopang'ono, makutu ali psuu. Paja kuthamanga sikufika.

A Zamfir anadontheza kachasu pansi. “Mulungu amukhululukire,” anatero, ndipo sizinadziwike ngati akunena malemu kapena a Trifan.

Koma munthu mmodzi sanali kuyang'ana a Trifan ngati wolakwira mwambo chabe. Mayi Veturia, atavala zakuda mpaka m'khosi, anamva mawu oti “ziwiri mwa zitatu”. Anthu atayamba kumwazikana, mayiwo anakodola a Zamfir, napita nawo pakona pamene anapachika majasi.

“Bambo Meya, zimene wanena chidakwa uja n'zoona?”

“Woledzera sanama kwambiri, mayi.”

“Ndiye kuti mukachoka, Cerbeni yapita?”

“Yapita. Ndi midzi iwiri ya kumtunda, poti imatsatira kumene Cerbeni yaloza.”

Mayi Veturia anasisita ubweya wa jasi la munthu wina. Chisankho cha khonsolo ya chigawo chinali chaka chamawa, ndipo mavoti a midzi itatu imeneyo ndiwo ankawasunga pa mpando wawo. Tsopano holo yonse inali itamva ndi makutu ake zimene zidzachitike. Palibe akanatinso mayiwo akukankha nkhalamba chifukwa cha mkamwini.

“Ndili ndi pempho lolemera,” anatero potsiriza. “Ndikudziwa kuti mpandowu ndi wanu mwalamulo. Ndikudziwa kuti mwasoketsa kale ndi suti. Koma chipani chikukupemphani kuti muukane, mukhalebe meya.”

Abale, mukanaona zimene zinachitika m'chifuwa cha a Zamfir! Chimwala chimene anasenza masabata onsewo chinangoti gubudu pansi. Anafuna kuwakumbatira mayiwo, kupsompsona ngakhale majasi aja. Koma munthu amene wagula ndi kugulitsa ng'ombe moyo wake wonse amadziwa kuti sumwetulira wogula asanatchule mtengo. Anagwetsa nkhope, anapumira m'mwamba, nayang'ana nsapato.

“Mayi, mwandilasa. Ndikawauza chiyani akazi anga? Ndikawauza chiyani anthu amene andivulira kale zipewa?”

“Chipani sichidzaiwala.”

“Chipani chimaiwala, mayi, ndakhalamo nthawi yaitali. Komatu mlatho suiwalika. Uja wopita kudambo, umene ng'ombe zimathyokapo miyendo. Ndakhala ndikuupempha kuchigawo mpaka tsitsi layera.”

Mayi Veturia anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti anawatulukira, chifukwa kukamwa kwawo kunapindika pang'ono.

“Chisanu chisanafike,” anatero.

“Wa simenti, osati wa matabwa a Trifan.”

“Wa simenti. Nkhalamba yochenjera inu.”

Pobwerera a Zamfir anaimba nyimbo m'galimoto, mawindo ali otsegula, munthu wochokera ku sadaka! Koma atayandikira mudzi nyimbo inatha. Kunatsala a Leontina ndi madzi awo otentha.

Anawapeza pakhonde dzuwa litapendeka, atakhala pa benchi, manja ali pamiyendo, osagwira kanthu. Zimenezo zokha zinali zachilendo. A Zamfir anavula chipewa ngati mwana wopalamula.

“Leontina, usakwiye. Ku Bukaresti sitipita. Ndakana.”

A Leontina anawayang'ana. “Wati chiyani?”

“Sitipita. Ndikudziwa kuti unkafuna, ndipo ndikulonjeza kuti ndikuikira thanki ya madzi otentha muno muno, koma ine…”

Sanamalize. A Leontina anaphimba nkhope ndi epuloni, mapewa akugwedezeka. A Zamfir anaganiza kuti aswa mtima wa munthu, mpaka anamva kuti m'kuliramo mulinso kuseka.

“Chitsiru cha mwamuna! Ine ndinkafuna? Ine? Ndikatani kumeneko, ndizikalankhula ndi makoma? Manda a amayi ndiwasiyire ndani? Ndalira masabata onsewa m'khola kuti usandione!”

“Nanga suti ija?”

“Ndinkati iweyo ndiwe ukufuna! Ukanapita ndi mabatani othothoka?”

A Zamfir anakhala pansi pa benchi. Anaseka mpaka misozi, akazi awo akuwamenya paphewa ndi chipewa chawo chomwe. Zaka zonsezi m'nyumba imodzi, n'kumabisirana chinthu chimodzimodzi!

Mwadzidzidzi a Leontina anagwira pakamwa. “Mayo ine! Dumana!”

“Watani Dumana?”

“Ndamupereka. Mutu sunkawawa ayi. Ndinkafuna ndichite iwe kulibe, kuti usaone. M'mawa uja ndawauza a Sofron kuti ng'ombe ndi yawo, ndipo ndamuuza mbusa kuti madzulo akailowetse kwawo.”

A Zamfir anadzuka kuti athamangire kwa a Sofron, koma mabelu anali atayamba kale kumveka kumtunda kwa msewu. Ng'ombe za mudzi zinali kubwera kuchokera kudambo, mwa chizolowezi chake, iliyonse ikupatuka yokha ikafika pa geti la kwawo. Pa geti la a Sofron panali phokoso. Mbusa ankakuwa, a Sofron ankakupiza chipewa atanyamula chidebe chofiira cha a Trifan chodzaza gaga. Dumana ananunkhiza chidebecho, anadyako pang'ono, kenako anawakankha a Sofron ndi phewa napitirira. Anatsika msewu osafulumira, bele likulendewera, anafika pa geti la a Zamfir, anaima, nalira mokweza kuti amutsegulire.

A Sofron anafika pambuyo akupuma wefuwefu. “A Seneta, ng'ombe yanuyi siimva!”

“Useneta wapita kwa mkamwini, a Sofron. Kauzeni a kusitolo ayambirenso kuwerengera.”

A Sofron anatembenuka n'kuyamba kuthamangira kumphambano, chidebe chikugubuduka pambuyo.

A Leontina anapukuta maso ndi epuloni, nalowa m'nyumba kukatenga chokamira.

“Katsegule geti, Bambo Meya,” anatero. “Koma uyambe wavula sutiyo.”