Phazi la Mkamwini

Anabwera naye panjinga akubuula ngati ng'ombe. Dominic ameneyo, wogoletsa zigoli wa timu ina ya ku Migowi. Anamutchera ndale pabwalo, n'kubinya kakolo, phazi n'kutupa ngati dzungu.

Anyamata a timu anagwada pakhomo pa mayi Eveles. Kwathu kuno wobinya amathowedwa ndi mayi wobereka mapasa, ndipo m'mudzi monse wamapasa anali iwo okha. Koma Dominic anali mkamwini wawo, mwamuna wa Loyce, mmodzi wa mapasawo, ndipo mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso. Ndiye anzeruwo anapachika chitenje pakhomo, Dominic mkati, phazi lokha kunja.

"Tithandizeni amayi, Loweruka kuli fainolo," anatero Makina, kaputeni wawo.

Fainolo! Mayi Eveles anaponya maso kuseri kwa nkhokwe, kumene Loyce anabisala atagwira nthiti. Phazi lomweli linamuponda pamimba nthawi yokolola, pathupi n'kupita padera. Dzulo lake linamuswa nthiti chifukwa cha ndiwo zochepa mchere. Ankhoswe anakamba mpaka malovu kuuma, koma wogoletsa zigoli angamudzudzule ndani? Mayiwo ankadziwa kuti tsiku lina adzaika mwana wawo m'manda, ndipo mtima unkawawira.

Anaviika nsanza m'madzi otentha n'kuyamba kuthowa. Kenako anapaka mafuta a nsatsi, zala zikutsata mtsempha pang'onopang'ono kuchokera kuchidendene. Ntchitoyi ankaidziwa, abale! Kuseri kwa chitenje kubuula kunaleka.

"Eya, pomwepo amayi," anatero Dominic. "Manja anuwa ndi mankhwala."

"Ndi lomweli limene mumamenyera, bambo?"

"Lomwelo, amayi. Likamenya palibe chimadzuka."

"Ndikudziwa."

Anapana mwendowo ndi mawondo, dzanja lina kuchidendene, lina kuzala, n'kupotokola ndi mphamvu zonse zimene amalimira nazo mphanje. Thyo! Dominic anakuwa mpaka nkhuku kubalalika. Pophupha anakoka chitenje chija n'kugwa nacho, ndipo kwa nthawi yoyamba mkamwini ndi apongozi anayang'anana m'maso.

Makina anakunga chibakera, koma mayi Eveles sanaphethire n'komwe. Anapukuta mafuta m'manja.

"Pitani naye kuchipatala, izi zandikanika," anatero. Kenako anatembenukira kunkhokwe. "Loyce, tuluka mwanangu, udzakhale pakhonde. Palibenso wokuponda."