Batani limene ndinachotsa

Mwana wanga Tiyanjane anafika zaka zisanu ndi ziwiri asanatchule mawu opitirira atatu. Madokotala anati ndi otizimu, vuto lobadwa nalo limene limachititsa mwana kuvutika kuyankhulana ndi anthu. Ine ndinangoti laponda lamphawi, ndipo achemwali anga a Lenia atanena kuti adzamutenga Disembala azikakhala naye kumudzi ku Ntchisi, ndinavomera. Mayi ake a Tiyanjane analira, ine ndikunamizira kuwerenga nyuzi.

Amene anasokoneza mapulani athu ndi aphunzitsi ake, a Lusungu Mhango, mayi wamfupi wa ku Katawa kuno ku Mzuzu, woyenda ngati wachedwa basi. Anamupezera Tiyanjane tabuleti ya zithunzi: ukadina kapu imati "madzi", ukadina chitseko imati "kunja". Sankamufunsa mafunso ngati mayeso. Iwo eni ake ndiwo ankadina poyankhula naye, tsiku ndi tsiku, mwana akuyang'ana kudenga. Ndinkaona ngati akutaya nthawi, koma mayi uja kutopa sakudziwa.

Tsono tabuletiyo itabwera kwathu ku Ching'ambo, ndinapezamo batani lofiira lonena kuti "ayi". Tiyanjane analikonda kwabasi. Ukamupatsa phala, ayi. Juzi ya m'mawa wozizira wa Mzuzu, ayi. Tsiku lina anawadinira abusa atamupatsa moni. Ine ndinaleredwa kuti mwana sakanira akulu, choncho ndinakhala pansi n'kulichotsa. Ndinasiya "zikomo" ndi "chonde", ndikudziona ngati bambo wanzeru.

Sabata isanathe anasiya kuigwira tabuleti ija. Anayambiranso kudziluma padzanja ndi kutaya mbale.

A Mhango anabwera Loweruka, nsapato zili matope okhaokha. Anapereka moni wa Chitumbuka, anamwa tiyi, kenako anatsegula tabuleti n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Anandifunsa kuti ku ofesi kwathu ndimakana zinthu kangati pa tsiku, ndipo nditati kambiri, anati:

"Adada, mwana uyu akudziluma chifukwa mwamulanda njira ina yokanira. Ulemu tidzamuphunzitsa, yewo ndi zikomo zonse. Koma munthu akadzamugwira molakwika inu kulibe, adzadina chiyani? Zikomo?"

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Analibwezera batani lija ine ndikuona, ndipo kuyambira tsikulo Loweruka lililonse ankabwera kudzatiphunzitsa ifeyo, osati mwana. Anandiuza kuti ndikamufunsa kanthu ndiziwerenga chamumtima mpaka khumi ndisanayankhe m'malo mwake. Kwa munthu wapakamwa ngati ine, chimenecho chinali chilango. Mabala a padzanja anayamba kuuma.

Disembala inakwana, a Lenia anafika, chikwama cha mwana chili chopakira kale pakhomo. Ndinaona kuti aliyense wafunsidwa za ulendowu kupatula mwini wake. Ndinagwada, ndinamuonetsa chikwama ndi chithunzi cha basi, n'kumufunsa ngati akufuna kupita ndi azakhali. Ndinawerenga. Pa seveni anatambasula chala.

"Ayi," inatero tabuleti. Anadinanso: "Nyumba."

A Lenia anagwira pakamwa. "Achimwene, mwana akundikana pamaso panu, inu muli chete? Ameneyu ndi wamwano."

"Ndi wamwano ndithu," ndinatero, misozi ikundivuta kubisa. "Koma mwamumva."

Ndinanyamula chikwama chija kubwerera nacho kuchipinda, ndipo ndinayamba kubwezera madiresi ake mu kabati limodzilimodzi.