Ndege ya a Kaitano Imene Anaiviika mu Shire

Amene analakwira a Kaitano ndi mlamu wawo Alick, wosema mabwato wa padooko la Chiromo, ndipo anawalakwira chaka chatha mu Epulo, mapira atayamba kufiira.

A Kaitano ndege ankaidziwa chakumimba. Pa unyamata wawo ankaima m'minda ya nzimbe atakweza mbendera kuti ndege yopopera mankhwala ione podutsa. Choncho mimba ya ndege anaiona kambirimbiri, koma msana wake sanauonepo. Atakalamba, mpheta zinawagwera m'munda wa mapira. Anakuwa mpaka mawu kusasa, anaomba zitini mpaka kubooka, mpheta osatekeseka. Ndiye anaganiza zokhoma ndege yoti izizipirikitsa, iwo atakhala pamthunzi.

Mwana wawo Angela anawatumizira rimoti, batire ndi timawaya kuchokera ku Joni. Injini anaichotsa ku makina otchetchera udzu. Mafupa a mapiko anali nsungwi, mnofu wake zoyerayera zopepuka zija za m'kati mwa firiji yakufa, pamwamba n'kukuta masaka a feteleza. Phiko limodzi linkaposa chitseko cha tchalitchi kutalika. Msana anangoupeka m'mutu.

Alick ankabwera osaitanidwa, n'kumagogoda ndegeyo ndi chala ngati mmene amagogodera bwato.

"Alamu, mwadiya wanuyu ali ndi ming'alu."

"Si bwato ili, Alick. Ndi ndege."

"Chilichonse chatsopano chimayamba chagona m'madzi, ming'alu itsekeke. Mukufuna mphepo izikulowerani muli kumwamba?"

"Akhale kumwamba ndani? Ine ndidzakhala pansi pa mtengo wa masau ndi rimoti."

"Ndiye izipita yokha, yopanda mwini? Alamu, mwakalamba zoona."

Loweruka, tsiku loti iuluke, a Kaitano anapita kumsika kukatchajitsa batire ndi kugula petulo. Anauza akazi awo kuti ndege asaikhudze munthu. Anaiwala kuti akazi awowo ndi mlongo wake wa Alick. Pobwera anapeza pabwalo pali mbee, mizere ya mawilo yokha italunjika kumtsinje.

Padooko anthu anali atadzaza. Ndege inali m'madzi, miyala itasanjidwa pamapiko, Alick atakhala pamsana pake akuikanikiza kuti imire. Ndege osamira.

"Alamu, mwakhoma chinthu!" anakuwa Alick. "Miyala yonseyi, ine pamwamba, koma ikukana. Bwato lotere sindinalionepo chibadwire."

"Injini, Alick! Injini yamwa madzi!"

"Imwe kumene. Ikamwa lero siidzamwanso paulendo."

A Kaitano anatulutsa rimoti n'kuyamba kudina uku ndi uku kuti ndege ibwerere kumtunda. Anadina mpaka thukuta, batire la ndegeyo lili m'thumba mwawo momwe. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

"Ivuuleni," anatero a Kaitano. "Mpheta zikundimalizira mapira."

"Kuivuula lero ndi kuononga ntchito yanu. Ming'alu isanatsekeke? Bwerani Lachitatu."

A Kaitano okha sakanatha kuikoka, ndipo anyamata a padooko onse amadya kwa Alick. Anabwerera kumunda kukaomba zitini zobooka.

Lachitatu anafika m'mawa, ndege kulibe. Anaiona pakati pa Shire. Mayi wina anali atabwera ndi mbuzi ziwiri zofuna kuoloka, mabwato onse atapita. Alick anamangirira mbuzi ina ku phiko ili, ina ku phiko linalo, iye n'kukhala pakati akupalasa ndi nkhafi. Mbuzi zinali duu, ngati zakwera ndege moyo wawo wonse. Kuyambira tsiku limenelo eni mbuzi anayamba kukana mabwato ena, ati pandege mbuzi sizisanza.

A Kaitano anakadandaula kwa akuluakulu a mpingo. Iwo anafunsa kuti: "Kodi inaulukapo?"

"Ayi, inali isanauluke."

"Nanga inayandamapo?"

"Ikuyandama mpaka pano."

"Ndiye ndi bwato, bambo. Nkhani za mabwato amaweruza ndi tcheyamani wa padooko."

Tcheyamani wa padooko ndi Alick. Anawalandira bwino, kuwapatsa mpando, n'kumvetsera dandaulo lonse akugwedeza mutu ngati munthu wachisoni. Kenako anaweruza kuti mwini chinthu ndi a Kaitano, zimenezo palibe wotsutsa, koma bwato silichoka pamadzi nyengo ya ntchito. Anawalonjeza kuti tsiku lililonse akafuna kuoloka adzakhala kutsogolo.

Mpheta zinamaliza mapira mwezi usanathe. A Kaitano anakolola mapesi. Alick sanapepese. Ndege ili padooko, yomangidwa ndi tcheni, ndipo mchira anaudula chifukwa ati unkamutchinga popalasa.