Mame Osakamuka

"Kodi nyimbo zimakhala m'kati mwa bangweyo, kapena mumachita kuikamo?" Mwana wina adawafunsa a Basilio pa msika wa ku Domwe, ndipo iwo adamuyankha kuti nyimbo zimagwa ndi mvula. Sadanene zoona. Nyimbo zawo zinkadutsira pa mpanda wa udzu, kuchokera kwa mnansi wawo, mayi Genoveva.

Mayi Genoveva sankadziwa kudandaula chamumtima. Akagwira munsi pakamwa pankatseguka, ndipo mawu awo ankagwa pamodzi ndi munsiwo ngati adachita kuwayeza. A Basilio ankangokhala kuseri kwa mpanda, bangwe ali pamiyendo, n'kumatola.

M'chaka cha 1972 dandaulo linali limodzi lokha: a Custódio, akulu awo a amuna a mayi Genoveva, amene adabwera ku ukwati ndi kathumba kamodzi koma n'kudya chimanga cha zaka ziwiri. Mng'ono wawo sakanatha kuwathamangitsa. Mlamu wawo sakanatha kuwamana. Choncho zonse zinkathera pa mtondo, ndipo sabata isanathe zinali pa zingwe za bangwe:

Mlendo ndi mame, amatero akale,
Nanga awa ndi mame anji osakamuka?
Mphasa yatha, nkhokwe yapepuka,
Dzuwa lili paliwombo, njira ndi iyo.

Nyimbo idayenda. Onyamula mbatata ya kachewere panjinga adafika nayo ku Kalomwe, ndipo pobwerera inali itanenepa. Anthu pamowa ankati akafika pa mawu akuti "mlendo", ankaloza ndi milomo kumene kunali mbendera ya Apwitikizi. Nkhondo inali itayandikira kumapiri, ndipo makutu a boma anali atatalika.

Tsiku lina masana kudafika sipayi, msilikali wa ku posito, ofesi ya boma la Apwitikizi. Adati a shefu, mkulu wa positoyo, akufuna woyimbayo m'mawa mwake, akanene kuti mlendo ameneyu ndi ndani.

A Basilio adayang'ana zikhato zawo. Ankaidziwa mbalamatodya, thabwa lamabowo lomwe ankamenyera anthu m'manja ku posito. Mlimi akamenyedwa nayo amachira n'kugwiranso khasu, koma zala za woyimba bangwe sizibwerera. Komabe kutchula mwini mawu kunali kumuvula mnansi pamaso pa abale a mwamuna wake. Adapita pampanda, natsokomola.

"Mayi Genoveva, pali kanthu koti ndikuuzeni. Nyimbo zanga zija..."

"Ndi zanga. Mukuyesa sindidziwa? Mpandawu ndi waudzu, a Basilio, si wanjerwa. Ndikamva mukukunga zingwe ndimachita kukweza mawu. Chokhacho, mumadula pena pokoma."

"Ndiye mawa ndikanene chiyani?"

"Inu musakanene kanthu. Mlandu wa mbuzi amapita nayo mbuziyo."

M'mawa adanyamuka atatu. A Custódio adauzidwa kuti a shefu akufuna kuona munthu wamkulu wa pabanja, ndipo adavala jekete la mng'ono wawo, natsogola.

A shefu anali pakhonde, mbalamatodya ili patebulo. Womasulira adafunsa kuti mlendo wa m'nyimbo ndi ndani. A Basilio adayang'ana mnansi wawo. Mayi Genoveva adagwada mwaulemu, naomba m'manja, kenaka naloza.

"Ndi awa, bwana. Alamu anga."

"Ine?" a Custódio adadzidzimuka. "Alamu, ine ndidangobwera ku ukwati!"

"Mwana wa ukwati umenewo akuyenda, alamu. Dzulo amathamangitsa nkhuku."

"Mvula idanditsekereza!"

"Yoyamba ija kapena yachiwiri?"

Sipayi adatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera. Womasulira adayesetsa kupereka zonse m'Chipwitikizi, koma a Custódio sankamupatsa mpata. Ankalumbira kuti iwo sadya kwambiri, kuti mphasa adaipeza yothaitha, kuti ngakhale jeketeli adangobwereka. A shefu adamvetsera mpaka kutopa. Adayang'ana bangwe, nayang'ana mkulu wotuluka thukutayo, kenaka adakankhira mbalamatodya pambali n'kuwauza kuti milandu ya nkhokwe azikaweruzana kwawo.

Pobwerera a Custódio adayenda patsogolo okha, khosi lili chilili, akulengeza kwa mitengo kuti adzachoka ndithu, akangokolola. A Basilio ankafunyulula zala zawo ndi kuzipindanso, ngati munthu amene wabwezeredwa katundu wake. Sadanamize boma, ndipo sadawatsutse anthu a pamowa aja. A Basilio adaphunzira kalekale kuti nyimbo ikatuluka pakhomo imakhala ngati mwana wamkulu, imakakwatiwa kumene yafuna.

"Koma nyimbo ija ilibe mathero," adatero mayi Genoveva atafika pamtsinje. "Mlendo sadatsanzike."

"Mathero ndiwatenga kuti, mwini mawu asanawanene?"

"Tsiku lodzanyamuka mlendo ndidzasinja m'mamawa. Mudzakhale pampanda."

"Mlendo uti, mayi?"

Mayi Genoveva adayang'ana msana wa alamu awo kutsogolo, kenaka adacheukira kumbuyo kumene mbendera inkaonekerabe pamwamba pa mitengo ya bulugamu.

"Amene adzayambe. Mawu ndili nawo okwanira onse awiri. Koma ulendo uno musadzadule."

"Sindidzadula ngakhale limodzi," adatero a Basilio. "Ndipo ndisanapite nayo ku msika, ndidzayamba kuyimbira inu, pakhomo panu."