Mpando wa Wodwazika

Bedi lililonse m'wodi ya azimayi lili ndi mpando umodzi, wa wodwazika. Pampando wathu panakhala wapolisi. Ine, mayi wake wa wodwalayo, ndinkangoima.

Mwana wanga anachotsa mimba m'kachipinda kena kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Mimbayo anamupatsa ndi abwana ake, atamutsekera mu ofesi. Asanapite kuseriko anayamba wabwera kuchipatala konkuno, ali bwinobwino, akuyenda yekha. Namwino anamubweza: "Chemwali, lamulo silitilola, pokhapokha moyo wanu utakhala pachiswe."

Tsopano moyo unalidi pachiswe, ndiye anamulandira ndi manja awiri. Diripi, magazi, chilichonse.

"Akangopezako bwino ndinyamuka naye," ankatero wapolisiyo, uku akuseweretsa unyolo. "Musandiyang'ane choncho, mayi. Ine ndangotumidwa."

"Nanga kwa abwana akewo kwatumidwa ndani?"

Anaseka. "Iwowo achotsa chiyani?"

Ndinkamupukuta thukuta mwana wanga chiimire, miyendo itatupa ngati woyembekezerayo ndine. Masana ena anandigwira chala n'kunong'ona, "Amayi, akadalipo?"

Ndinamunamiza kuti apita. Anapumira m'mwamba, kenako dzanja lija linalefuka.

Namwino atakoka nsalu n'kumuphimba kumaso, wapolisi anadzuka. Anawongola yunifolomu yake, unyolo n'kubwezera m'thumba. Kenako anandikankhira mpando uja mwaulemu wake wonse.

"Khalani pansi, mayi. Mwaima nthawi yaitali."